Kwaya ya Mbava ku Nottie Broadie

Pulani inabadwira m'shabini ya ku Malota, mowa utafika pamene chitsiru chilichonse chimadzimva kuti ndi loya.

"Manje mvelani," anatero Munsaka, yemwe ankadzitcha Komanda ngakhale sanalamulirepo ndi galu yemwe. "Pa Khrisimasi mageti ya kumayadi ku Nottie Broadie yamaseguka yeka ukabwela na nyimbo. Ine na Nyambe tizaimba pakhonde. Iwe Tenala ungene kumbuyo, unyamule TV ya ba Mwaanga. Chapwa, basi!"

Tenala dzina lake lenileni anali Mundia. Anaimba kwaya kuyambira ali mwana, mpaka anamuthamangitsa atagulitsa ng'oma ya tchalitchi. Za ng'omayo sizinkamuvuta, koma kwaya ankaisowa koopsa.

"Nanga imwe nyimbo muziziba?" anafunsa Tenala.

"Nyimbo ni nyimbo, mudala," anayankha Komanda. "Mwana, khola, abusa. Vinangu tizapanga pamene apo."

Tsiku la Khrisimasi dzuwa litapendeka, Komanda ndi Nyambe anafika pageti la a Mwaanga atadzikulunga nsalu zoyera za pabedi, ati ndi angelo. Mayi Mwaanga, munthu wokonda kupemphera, anasangalala naitanira banja lonse pakhonde. Tenala analowera pawindo la kukhitchini, nazula TV, naikumbatira. Chitseko chakumbuyo anachitsegula pululu. Chinangotsala ndi kuyenda basi.

Apo kwaya inayamba. Mzere woyamba unayenda bwinoko. Wachiwiri Komanda anauiwala, nayamba kungolira ngati njuchi. Nyambe, pofuna kuthandiza, analowetsa Nowa ndi chombo chake m'khola la ku Betelehemu.

Tenala anaima. Nyimbo imeneyi ndi imene ankaimba yekha kutsogolo, tchalitchi chonse chili zii. Anadziuza kuti choka, si zako izi, koma mwendo unakana. Nyambe atafika poti Farao anabweretsera khandalo mphatso ya mbuzi, munthu analephera kupirira.

"Awe! Si so!" anakuwa Tenala m'nyumbamo. "Mwana wa Mulungu simungamuchite so, imwe!"

Anatulukira chitseko chakutsogolo, TV ili pachifuwa, chingwe chikukhwekhwereka pansi, natsegula kukamwa. Kunena zoona, mbavayo inali ndi mawu. Anaimba ndime yonse ya abusa a nkhosa osaphonya, maso ali kumwamba, msozi ukutsika. Azimayi analulutira. Mlonda wa panyumbapo naye anamvetsera ndithu, uku akukhoma geti pang'onopang'ono.

Komanda anayesa kuthawa, koma anaponda nsalu yake yaungelo nagwera m'maluwa. Nyambe, posadziwa chochita, anangoti, "Ameni."

Mayi Mwaanga anapukuta maso ndi chitenje, foni ili kale m'manja.

"Mwana wanga, uimba bwino maningi," anauza Tenala. "Ika TV pansi, ubwezepo futi paja pa abusa. Ba polisi bakali kutali."

Ndipo chitsirucho chinaika TV pansi, chinakonza kolala, n'kubwereza mokweza kuposa poyamba.