Mkombero wa Dengu la Apongozi

Ine cholinga changa chinali chabwinobwino anzanga: kulukira apongozi aakazi dengu limodzi, basi. Ndinakulira ku Kawale, ntchito yanga ndi yokonza mafoni pa Nathenje, ndiye nditapita kukakhala milungu iwiri kwawo kwa mkazi wanga, kuseri kwa Mitundu, ndinapeza mbiri yanga itafika kale. Mkamwini mnzanga wa pakhomopo amaluka nkhokwe, amafolera nyumba, mpini akusema yekha. Nanga ine? Akuti, "Bambo a Tadala manja awo ndi odinira mabatani." Mawuwo anali a apongozi, koma anandipeza kudzera mwa mkazi wanga, paja kumeneko mkamwini ndi apongozi sayandikizana, ngakhale kuyang'anana m'maso. Zinandiwawa, ndisaname.

M'mawa mwake ndinalawirira kwa a Chimbalanga, mkulu wina amene amaluka madengu ndi malichero m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje, pomwe pali nsungwi. Anandiyang'ana zala, n'kupukusa mutu, koma anandipatsabe mpeni. Tsiku loyamba kung'amba nsungwi, ndinadzicheka katatu. Lachiwiri kupala, ndinapala mpaka nsungwi inatha, m'manja n'kutsala kachotokosera m'mano. Pofika lachinayi kanthu kanayamba kuoneka, kopendekera mbali imodzi ngati chipewa chokhalidwa, komabe dengu ndi dengu. Ndinakondwa kwabasi!

"Kwatsala mkombero," anatero a Chimbalanga. "Tsikirani kumtsinjeko mukazule chilambe, chingwe chija chimayanga m'mitengo, tidzamangire. Mukuchidziwa?"

Apa ndiye pamene ndinadzipha ndekha. Munthu wanzeru akanati ayi. Koma ine, mwamuna wa m'tauni, ndivomere kuti sindidziwa chingwe? Ndinati, "Aaa, chimenecho n'chosafunsa." Paja safunsa anadya phula.

Kumtsinjeko ndinachipeza chingwe choyanga bwino, chachitali, chili ndi tizipatso tolendewera taubweya wofiirira, tonyezimira padzuwa. Ndinachikoka ndi manja awiri, kafumbi kakundigwera kumutu, n'kuchikulunga bwinobwino, n'kuchikoleka m'khosi mmene ndinaonera a Chimbalanga akuchitira. Ndipo poti tizipatsoto tinandisangalatsa, ndinathyola tinayi n'kuika m'thumba la thalauza, ati ndikadzale kunyumba. M'thumba la kutsogolo, anzanga. Chinali chitedze. Mwezi wa Ogasiti, chitauma gwa!

Chinayambira m'khosi, pang'onopang'ono, ine n'kumati ndi thukuta. Ndikutulukira m'kanjira, uko kukubwera amayi anayi atasenza nkhuni, patsogolo pali apongozi. Mwambo ndimaudziwa, mkazi wanga anachita kundiphunzitsa: ndinapatuka, n'kunyonyomala pambali, maso pansi, manja ndikuwomba. Kunyonyomala kuja tizipatso tam'thumba tinangoti phwa.

Apongozi anaima chapatali, atatembenukira kumbali. Ndiye tsiku limenelo ndi limene anasankha kundilonjera mwachifatse.

"Mwaswera bwanji, bambo a Tadala?"

"Ndaswera, kaya inu amayi."

"Nanga amayi anu kutauni, mwendo uja?"

"Ukuchira, amayi."

"Chaka chino mphepo yanyanya. Kwanu kunazizira chonchi?"

Mayo ine! Moto unali utatsika m'khosi, wadutsa pamsana, wakumana ndi unzake wochokera m'thumba. Kodi munthu ungakande pamenepo pamaso pa apongozi? Ndinaluma mlomo, misozi ili chuchuchu, manja akuwomba okha mothamanga ngati ndili pakwaya. Ndinamva mayi wina akunong'ona kuti, "Koma mkamwini wanuyu ndi waulemu, mpaka kulira."

Ndinapirira mpaka pa funso la nkhuku za kwathu. Pamenepo thupi linadzilamulira lokha. Ndinadumpha, ndinazungulira, mapewa akugwedezeka, chiuno chikupita kwake, miyendo ikupalasa fumbi. Shati inauluka. Ndinakumbatira mtengo n'kumadzikhula nawo ngati mbuzi. Thalauza sindikumbuka kuti ndinavula nthawi yanji, ndinangoiona ili pachitsamba ine ndikuthamangira kumtsinje ndi kabudula wam'kati, n'kudziponya m'madzi kuti phava! Madziwo ngati anangokolezera.

Kumtunda nkhuni zinali zitagwa, amayi atatu akugubuduka ndi phwete. Apongozi okha anali atafunda chitenje kumaso, atandifulatira, koma mapewa awo ankanjenjemera. Poti sakanatha kulankhula ndi mkamwini wosavala, anayamba kutuma mnzawo, mokweza kuti ndimve ndekha.

"Anaphiri, auzeni asakande!"

"Akuti musakande!"

"Auzeni adzole ndowe. Ng'ombe zimamwera pomwepo."

"Akuti ndowe, bambo! Yaiwisi!"

Ndinadzola, anzanga. Ine amene ndimapukuta galasi la foni ndi kansalu koyera, ndinatapa ndowe ndi manja awiri n'kudzipaka thupi lonse, ndipo ndinayamika ng'ombe imene inaisiya. A Chimbalanga anafika atamva phokoso, anayang'ana chingwe changa chili pansi, anayang'ana ine, n'kungoti, "Chosafunsa chija n'chimenechi?"

Zovala zanga zinali zosavalika, ubweya uli ponseponse. Apongozi anamasula chitenje chawo chapamwamba, Anaphiri n'kudzachikoleka panthambi. Ndiye ndinalowa m'mudzi dzuwa lili pamutu, nditamanga chitenje cha apongozi m'chiuno, ntchentche zikundiperekeza, agalu akundinunkhiza n'kubwerera.

Madzulo ndinakhala m'nyumba osatuluka, ndikuganiza zokwera minibasi yoyamba, ulemu wanga wathera kumtsinje. Mkazi wanga analowa akudziletsa kuseka, akuti wabwera ndi uthenga wochokera kwa amayi. Ndinati basi, andithamangitsa pamudzi.

"Akuti za dengu musiye, akagula ku Mitundu tsiku la msika. Koma Loweruka kuli chinkhoswe kwa Anaphiri, ndiye akuti musachoke. Akhala akudandaula kuti banja lathu lilibe wovina, osadziwa kuti Mulungu anawapatsa kale."

Ndinavina ndithu Lowerukalo, apongozi n'kundifupa nkhuku yathunthu, ngakhale Anaphiri ankauza aliyense kuti kumtsinje ndinavina bwino kuposa apa. Koma ndinalumbira, anzanga: chomera chilichonse choyanga, kaya ndi mphonda, kaya ndi nyemba za m'munda mwanga momwe, ndimayamba ndaitana mboni ziwiri ndisanachigwire.