Fomu Ikufuna Anthu Awiri Ondidziwa

Lolemba

Kope ili ndi la malemu akazi anga, a Nachisale, lomwe ankalembamo nyimbo za kwaya. Masamba atsala ambiri. Ndikulemba pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira iwo, poti ine sukulu ndinangoiona denga.

Sabata ino ndikukhala Mmalawi. Basi, ndatsimikiza!

Nkhani yake ili apa. Ine ndinabadwira tsidya la msewu wa ku Lizulu, mbali ya Mozambiki. Nkhondo itafika kumudzi ndinaoloka msewuwo, thumba pamutu, mpaka Lilongwe. Munthu woyamba kundifunsa kwathu ndinamuyankha mwamantha kuti ku Ntcheu. Wachiwiri chimodzimodzi. Pofika wakhumi ndinali nditazolowera. Bodza lake si lalikulu ayi, ndinangoudumphitsa msewu mudzi wathu. Koma lakhala zaka pafupifupi makumi anayi, lamera ndi ndevu zomwe.

Muno mu Area 23 ankadziwa ndi a Nachisale okha. Ndiwo anayenda nane kukatenga chilolezo chokhalira m'dziko muno, n'kuchibisa pansi pa sutikesi. Akudwala anandigwira dzanja: "Bambo, malizani mapepala aja. Musadzagone pambali panga ngati mlendo." Ana Mulungu sanatipatse, ndiye wondikumbutsa palibe. Ndikudzikumbutsa ndekha.

Fomu ndatenga m'mawa ku ofesi ya za unzika. Mtsikana wa pawindo ndi waulemu. Tacheza nthawi ndithu, za mvula, za miyendo yanga, kenako akuyang'ana papepala: "Agogo, chilankhulo cha kuno mumachitha?" Ndati ndimayesera. Waseka, nanenso ndaseka. Kuseka koyamba mwezi uno.

Akuti ndibwere Lachisanu ndi izi:
zithunzi
chilolezo chija
anthu awiri, nzika, asaine kuti amandidziwa bwino, komwe ndinachokera ndi zaka zomwe ndakhala muno.

Awiri okha! Ine amene ndakhoma ndowa ndi mbaula za theka la Area 23! Ndalemba mayina asanu ndi limodzi. Powerenganso, atatu ali kumanda. Atsala:
Mayi Nyirenda, atsogoleri a amayi kutchalitchi
a Chikafa a ku Kawale, amene anandiphunzitsa kukhoma malata
a Gondwe, anzanga a bawo.

A Gondwe ndawaika kumapeto. Chifukwa chake ndikuchidziwa.

Lachiwiri

Jekete ndasita ndekha. Kolala yapsa pang'ono kumanzere. Ndaganiza kuti pojambulitsa ndipendekera kumanja.

Wojambula sakufuna. "Musapendeke, madala. Musamwetulire. Makutu onse aoneke." Boma likufuna makutu anga! Chithunzi chatuluka, ndikuyang'ana, ndikuona bambo anga enieni, atakwiya ngati mbuzi zawadyera chimanga. Ndawapatsa moni chamumtima.

Masana kwa Mayi Nyirenda. Ndawapeza akusankha nyemba pamkeka. Ndafotokoza bwinobwino, osathamanga, kuyambira nkhondo mpaka fomu. Amvetsera mpaka kumapeto, kenako agwira m'mimba ndi kuseka.

"Aa, abambo a ku Ntcheu inu, nthabwala simusiya!"

Ndatulutsa chilolezo. Magalasi akuti ali kwa mwana wawo ku Area 36. "Mbatata ya kachewere ya kwanu ija ndadya kangati ine? Ya ku Ntcheu yeniyeni, ndimaidziwa kukoma kwake." Mbatata imeneyo ndinkagula pamsika wa ku Lizulu, ndipo olima ake anali a tsidya lija, mwina abale anga omwe. Ndanena zimenezo. Asekanso, misozi mbwembwembwe.

Pomaliza akonza mpango, nkhope yaukulu: "Ine ndine mayi wa mpingo. Bodza sindingasaine."

Taonani! Zaka zonsezi ndikunama ankandikhulupirira. Lero ndanena zoona, akuti bodza!

Andipatsa nyemba m'kambale. Atsala awiri. Awiri ndi omwe akufunika, ndiye zikadali bwino.

Lachitatu

Ku Kawale. Mu minibasi kondakitala akutithina ngati nkhuni. Mayi wina wandiika dengu la tomato pamiyendo, phewa lake pa phewa langa ulendo wonse. Sindikudandaula. Papita nthawi munthu asanandikhudze.

A Chikafa ndiwo anandipeza ku depoti masiku aja, thumba langa ndalitsamira. Anandifunsa ngati ndimatha kugwira hamala. Ndinati ndiphunzira. Kwa iwo sindinaname, poti sanandifunse kwathu mpaka patatha chaka, tikudya chinangwa. Amadziwa zonse, ndi dzina la mudzi lomwe. Mboni ngati imeneyi kulibenso.

Ndafika. Mtengo wa mango tinkakhomera pansi pake palibe. Pamalopo pali saluni, wailesi ikulira ngati paukwati. Ndazungulira kawiri, mwina ndasokera. Ayi, ngalande ndi yomweyi.

Mayi wa nyumba yoyandikana akuchapa. "A Chikafa? Ii, agogo, chino ndi chaka chachinayi. Anakawaika kwawo. Inu ndinu ndani wawo?"

Ndavula chipewa. Ndine ndani wawo? Munthu amene sanabwere kumaliro. Ndinkangoti ndikawaona mwezi wamawa, mwezi wamawa, ngati Kawale ndi kutsidya la nyanja.

Ndaima pamenepo nthawi yaitali, chipewa m'manja, mpaka mtsikana wa mu saluni wasuzumira: "Timete, madala?" Tsitsi lake liti!

Ndabwerera wapansi mpaka miyendo yakana. Kunyumba ndadula dzina la a Chikafa. Ndadula mzere umodzi wokha, wopepuka, kuti liziwerengekabe.

Watsala mmodzi. Fomu ikufuna awiri. Ngakhale ine wosapita kusukulu ndikuona kuti pamenepa sizikukwana. Koma mmodzi akasaina, mwina adzakoka wina.

Lachinayi

A Gondwe ndi a ku Rumphi. Anali kalaliki m'boma, pano ndi mkulu wa mpingo. Bawo timasewera pakhonde langa masana alionse kuyambira tonse tili ndi tsitsi. Thabwa lake ndi lawo, koma limagona kwanga.

M'mawa wonse ndakhala ndikukonza mawu, kuyesezera pa nkhuku. Nkhuku zalandira bwino.

Abwera nthawi yawo. Ndawalola andidye kawiri kuti mtima ufewe. Akondwa, akuimba ndi kamluzu komwe. Ndiye ndatulutsa fomu ndi chilolezo. Awa magalasi ali nawo. Awerenga zonse, mpaka timalemba tating'ono ta pansi. Abwerezanso.

"Yayi."

Andiloza ndi fomu ija.

"Pamaliro a akazi anu ndinaima ine, pamaso pa mpingo wonse. Ndinati mkamwini wathu wa ku Ntcheu. Mwandinamizitsa pamanda, adada."

Ndati anali mantha. "Mantha zaka zonsezi? Kuopa ine? Ndili ndi mfuti ine?"

Mawu aja ndinakonza ndi nkhuku athawa onse.

Kenako aomba pabondo. "Ndiye chifukwa chake! Tsiku lija tinkamvera mpira pawailesi, a Mozambiki atatigoletsa, inu munanyamuka kuti mukamwetse nkhuku madzi!" Zoona, ndinanyamuka. Ndinakamwetulira kukhola. Pang'ono chabe, ndipo ndinabwerako ndi chisoni chenicheni, poti ndinagonjanso limodzi nawo. Koma zimenezi ungamufotokozere bwanji munthu wokwiya?

Atolera nkhomo zonse za bawo m'kathumba, imodziimodzi, osasiya ndi imodzi yomwe. Thabwa m'khwapa. Fomu aisiya pampando, atapsinjapo mwala kuti isauluke. Kalaliki ndi kalaliki basi.

Pakhonde patsala malo oyera pomwe thabwa limatsamira khoma. Sindinadziwe kuti khoma langa lada chonchi.

Atsala: palibe.

Lachisanu

Ndapitabe. Tsiku ananena ndi lero, ndipo munthu wamkulu sathawa tsiku. Jekete, zithunzi, chilolezo, fomu yoyera ngati ufa.

Pabenchi ndakhala ndi bambo wa golosale wochokera dziko lakutali, Chichewa chake chopindikapindika, akuti wakhala muno zaka khumi ndi ziwiri. Mboni wabwera nazo zinayi! Ziwiri zosaina, ziwiri zapadera, mwina zina zidwala. Zonse zavala mataye, zikumugawira mtedza. Ndamunong'oneza ngati angandibwereke zapaderazo. Waseka, akuyesa nthabwala. Sabata ino aliyense akuyesa nthabwala.

Yafika nthawi yanga. Mtsikana uja wandikumbukira. "Agogo a Chichewa choyesera! Mboni zili kuti?" Ndati zikubwera. Wayang'ana kumbuyo kwanga. Kuli khoma.

"Palibe mnzanu wakale, agogo?" Ndati alipo mmodzi, koma watenga thabwa lake. Sanamvetse, koma wagwedeza mutu mwaulemu. "Palibe changu, fomu siwola. Mudzabwere mukazipeza."

Palibe changu! Mwana wabwino. Pa msinkhu wakewo ndi zoona, palibe changu.

Zithunzi waziyamikira. Akuti makutu aoneka bwino.

Kunyumba ndathira tiyi makapu awiri, dzanja lachita lokha. Ndamwa onse.

Loweruka

Nkhani yaphulika! Mayi Nyirenda anakafotokoza nthabwala yanga kumsonkhano wa amayi, akazi a a Gondwe n'kuwauza kuti si nthabwala. Lero Area 23 yonse akuti inkadziwa kale.

Obwera pakhonde:
mayi wa makala: "Ine ndinkaonera kayendedwe."
bambo wa pampopi: "Ndowa zanu zija zigwiriro zake si za Chimalawi." Anagula zitatu, sanadandaulepo.
mphunzitsi wa kuseri kuno, akufuna ndimuphunzitse Chipwitikizi. Ndimadziwa mawu atatu. Awiri ndi otukwana, ankatitukwana nawo asilikali.
Mayi Nyirenda, magalasi ali pamphuno. "Ndiye mbatata ija?" Ndapepesa. Ndatulutsa fomu, poti tsopano akukhulupirira. Akuti sangasainebe. Munthu amene amamudziwa zaka zambiri ndi wa ku Ntcheu. Uyu wa ku Mozambiki amudziwa dzana, ndiye asaina bwanji kuti amamudziwa bwino? Ndaganiza, ndaganiza, ndapeza kuti sakulakwa. Afunsa za kambale kawo ka nyemba.

Womaliza ndi a Jemusi a kumsika, fungo la kachasu litsogola, iwo pambuyo. "Madala, musavutike. Ndisaina mizere yonse iwiri. Ndinakuonani ndi maso angawa mukuoloka msewu." Nthawi imeneyo mayi awo anali asanathe n'komwe msinkhu!

Koma cholembera chinali kale m'manja mwawo. Ndisaname, mtima unati apatse, ndani akafufuze? Ndalowa m'nyumba kuti nditenge fomu, ndakumana ndi chithunzi cha a Nachisale pakhoma, mu yunifolomu ya kwaya. Bodza limodzi latidyera zaka makumi anayi, ndiyambe lina pa msinkhu uno? Ndatuluka ndi kapu ya madzi. A Jemusi amwa, athokoza, aiwala chomwe anabwerera.

Khonde ladzaza tsiku lonse. Chichitikireni maliro sikunabwerepo anthu ochuluka chonchi. Onse akundiyang'ana ngati ng'ombe ya miyendo isanu. Wondifunsa dzina la mudzi wathu palibe.

A Gondwe adutsa pamsewu kawiri, akuyang'ana mitambo. Kumwamba kulibe mtambo ndi umodzi womwe.

Lamulungu

Kutchalitchi a Gondwe kutsogolo, ine kumbuyo pafupi ndi chitseko. Ulaliki wadutsa pamwamba. Nyimbo yotsekera ndi yomwe ili patsamba loyamba la kope lino. Sindinaimbe.

Fomu ndaiika m'sutikesi pamodzi ndi chilolezo. Jekete ndapachika. Ndavomereza. Ndakhala pakhonde, ine ndi malo oyera aja.

Dzuwa litapendeka geti lalira. A Gondwe, thabwa m'khwapa, moni osapereka. Akhala pampando wawo.

"Dzina la mudzi."

Ndanena. Kwa Kamphasa. Papita zaka ndisanatchule dzinali pamaso pa munthu.

"Mayi anu?" Ndanena. "Anaikidwa kuti?" Sindikudziwa. Tinabalalika tsiku limodzi, aliyense njira yake.

Avula magalasi. Apukuta nthawi yaitali, magalasi oyera kale.

"Bweretsani pepala lija."

Asaina mzere woyamba, dzina lawo lokhala ndi mchira wautali waukalaliki. "Sindinakhululuke, adada. Ndangosaina zoona." Kenako ayala nkhomo. "Lero ndi Malawi ndi Mozambiki. Khalani uko, tsidya."

Andidya katatu. Lero sindinawalole dala.

Mzere wachiwiri uli mbee. Amene akanasaina osafunsa funso, a Nachisale, agona kumanda, akudikira Mmalawi. Mudikirebe, mayi, akuti fomu siwola. Sabata yatha ndikadali mlendo. Mu Lilongwe monse muno muli munthu mmodzi wondidziwa, boma likufuna awiri.

Thabwa lagona kwanga.