Chipinda Chimene a Litiliti Sankatsegula

A Litiliti sankayankha funso lopanda tsiku. Kaya ndiwe dokotala wamkulu, kaya wafika ukuthamanga thukuta lili kamukamu, ukangoti, "Bambo, tandipezereni zotsatira za magazi za wodwala uyu," iwo ankavula magalasi n'kukuyang'ana ngati wawapempha impso. "Anayezetsa liti?" Ukati sukukumbuka, magalasi ankabwerera pamphuno. "Mukakumbuka mubwere. Ine sindikusamuka." Dzina lawo lenileni linatsala pachiphaso. Chipatala chonse, mpaka alonda a pageti, chinkangoti a Litiliti.

Ntchito yawo inali yosamalira nkhokwe ya m'kompyuta, mosungidwa zonse za odwala. Iwo asanabwere, nkhokweyo inali mulu umodzi, moti ukafunsa kanthu kompyuta inkafukula mulu wonse kuyambira pansi, namwino n'kupita kukabaya odwala asanu, kubwerako isanamalize. A Litiliti anaugawa muluwo m'zipinda, mwezi uliwonse chipinda chake. Ukatchula mwezi, kompyuta inkalunjika chitseko chimodzi, zina zonse n'kuzidutsa osagogoda, yankho lili pasikirini usanameze mate. "Nyumba ya zipinda mazana awiri," ankatero, "sokosi wataya dzulo, ukukaisaka kuchipinda cha chaka chimene unabadwa? Misala imeneyo."

Patapita milungu itatu chiwaikireni a Litiliti m'manda, Lolemba m'mawa, akazi awo anatulukira mu ofesi imene malemuwo ankagwiramo ntchito. Anapeza a Wachiwiri, mayi amene anagwira ntchito ndi malemuwo zaka khumi ndi ziwiri, tebulo kuyang'anizana ndi tebulo. Mpando wopanda munthu unali umodzi wokha, wa malemu, ndipo mayi wamasiyeyo anaima kaye kanthawi asanakhalepo.

"Achemwali, ndabwera ndi funso limodzi," anatero. "Okutobala wathayu, amuna anga atayamba kuonda, ndinawakakamiza kukayezetsa. Anabwera kunyumba kathonje kali pamkono, akuti ayezetsa. Zotsatira? 'Sizinatuluke.' Mwezi wina, 'Sizinatuluke.' Munthu wosunga zotsatira za chipatala chonse! Ndinawanena kuti ndi abodza, kathonjeko anadzimata okha. Miyezi isanu ndi itatu tinkalankhulana kudzera mwa ana. Apita mawu amenewo ndisanawabweze. Ndiuzeni, anandinamiza kapena ayi?"

A Wachiwiri analemba dzina la malemu, natchula Okutobala. Yankho linabwera nthawi yomweyo: palibe. Anayesa Seputembala, anayesa Novembala. Palibe. Akanatha kungoti "Pepani mayi," koma mayiyu akanapita kwawo atanyamula mwamuna wabodza mpaka tsiku la imfa yake. Pamwamba pa sikirini panali kapepala kamene malemu anamata okha: OFUFUZA POPANDA TSIKU ADZAYANKHA KWA INE. A Wachiwiri anakayang'ana kapepalako, nafufuta mwezi uja, n'kudina batani.

"Tsopano itsegula zipinda zonse, chimodzichimodzi," anatero. "Zitenga nthawi, ndipo makompyuta a chipatala chonse ayamba kukwawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

Sipanathe mphindi zitatu foni ya patebulo inalira. Anali a kumankhwala. A Wachiwiri anaizula pamalo pake n'kuigoneka pambali.

"Akanakhala moyo bwenzi atakomoka," anatero mayi wamasiye, n'kuseka pang'ono mosafuna.

"Akanakomoka? Bwenzi nditakomoka ine! Mukudziwa zimene anawachita abwana aakulu atangofika kumene? Analowa muno ndi tayi yawo, akuti ndikufuna mayina a odwala shuga onse chiyambire. A Litiliti akuti, 'Chiyambire chipatala kapena chiyambire dziko?' Abwana kupsa mtima, kuwakankha, kudina okha. Aa! Chipatala chonse chinaima njii. Kolembetsa mzere unakafika pageti. A Litiliti anangotenga kapu, kuthira tiyi, kuwapatsa abwana. 'Imwani bwana, tili pano mpaka mupume pantchito.'"

"Nanga kunyumba munkayesa ankapuma?" anatero mayi uja, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Tsiku lina ndinawadandaulira, ndikuti bambo, simundikondanso ngati kale. Iwo akuti, 'Kale liti? Chaka ndi mwezi.' Ine ndi ukali ndinatchuladi chaka. Iwo akuti, 'Chaka chimenecho n'zoona, ndinkakukondani mopitirira muyeso. Dokotala akanandiletsa.'"

Anaseka onse awiri mpaka a Wachiwiri kutsamwa. Pasikirini nambala inkasuntha mwaulesi: chipinda cha 61, chipinda cha 62.

"Makiyi a nyumba atasowa," anapitiriza mayiyo, "ana akutembenuza mipando, iwo aima pakhomo manja kumbuyo. 'Ndani walowa kukhitchini ndi makiyi kuyambira dzulo? Palibe. Kukhitchini asapiteko munthu, n'kutaya nthawi.' Tinasaka masiku awiri, achemwali."

"Anapezeka kuti?"

"Mufuriji. Anawaikamo okha pofuna madzi ozizira. Ndiye akuti furiji si khitchini."

Panagogoda namwino, nkhope ili gwaa, kudzafunsa chimene chavuta. Ataona amene wakhala pampando paja anangoti "Pepani mayi," n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Kuseka kuja kunatha. Kuseri kwa khoma seva, kompyuta yaikulu yosunga nkhokwe ija, inkangolira, nambala ikukwera. Itadutsa 200, a Wachiwiri anayamba kukonza mumtima mawu oti anene.

Kenako dzina la malemu linatulukira.

Silinali m'chipinda cha mwezi uliwonse. Kumapeto kwa nkhokwe kunali kachipinda kena komwe kompyuta inkaponyako zonse zobwera popanda tsiku, ndipo aliyense wofufuza potchula mwezi ankakadutsa. A Litiliti anakamanga okha kachipindako, koma sankakatsegula. A Wachiwiri anawafunsapo kamodzi, iwo n'kudziguguda pachifuwa. "M'menemo muli mphepo yokhayokha. Ndani pachipatala pano angayerekeze kusiya tsiku ine ndili moyo?"

A Wachiwiri anatsegula chithunzi cha fomu ya kulabu koyezera magazi. Malemba anali a malemu, pakuti sankalola namwino kuwalembera, ati anamwino amalemba 1 ngati 7. Koma malemba awo aja, oima chilili masiku onse, apa anali okhotakhota, dzina lotsetsereka kuchoka pamzere. Zonse anadzaza. Bokosi la tsiku lokha linali loyera.

Kalanga ine! Munthu amene anabweza madokotala zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri chifukwa cha tsiku, anaiwala lake. Ndiye ankabwera m'mawa uliwonse, kulemba dzina lake, kutchula Okutobala, kompyuta yake yomvera ija n'kumuyankha mwamsangamsanga kuti palibe. Kupita kulabu kukafunsa ndi pakamwa, mantha sanamulole.

Mayi wamasiye anasendeza mpando, nayang'anitsitsa. "Malemba awo amenewa."

"Ndi awo, mayi. Anayezetsa."

"Nanga zofiirazi zikuti chiyani?"

A Wachiwiri anafuna kuphimba ndi dzanja, koma mayiyo anali atawerenga kale. Pansi pa zotsatira panalembedwa kuti wodwalayu aonane ndi dokotala msanga.

"Akanazipeza Okutobala yemwe uja, bwenzi…"

"Ine si dokotala, mayi," anatero a Wachiwiri, misozi ili chuchuchu. Zinawawawa kwambiri, chifukwa miyezi yonseyo iwo anali pompo, tebulo kuyang'anizana ndi tebulo, kumuona munthu akuboola lamba mabowo atsopano, ndipo batani lopezera zotsatirazo linali lomweli, iwo osalidina.

"Ankaopa," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Taonani mmene alembera. Munthu ankaopa, ine n'kumamukalipira."

M'kachipinda muja munalinso mayina ena makumi anayi ndi atatu, anthu amene mwina anauzidwa kuti zotsatira zawo sizinatuluke. A Wachiwiri anawasindikiza onse kuti ayambe kuwaimbira tsiku lomwelo, nabwezera foni pamalo pake. Inalira nthawi yomweyo. Anali bambo wa kumankhwala uja, mawu ali pamwamba moti anamveka mu ofesi monse.

"Kodi inu, ola lathunthu anthu ali pamzere! Tawauzani a Litiliti kuti makompyuta awowa…"

Anadukiza pomwepo. Pa foni panangomveka phokoso la anthu a pamzere. Kenako bamboyo anati "Pepani," n'kudula.

Umo ndi mmene chipatala chakhalira. Makompyuta akuthamanga monga anawasiyira, palibe amene akubwezedwa pakhomo la ofesi ija, koma anthu amadutsapo mofulumira osasuzumira, ndipo nthawi ya tiyi imatha msanga chifukwa palibe woti amudandaule.

Mayi wamasiye anapempha kuti amusindikizire fomu ija. A Wachiwiri anafunsa ngati akufuna tsamba loyamba lokha, lopanda zofiira.

"Onse awiri," anayankha. Anawapinda bwinobwino, kuwaika m'chikwama, n'kuimirira atagwira tebulo. "Ndikawaonetse ana. Nawonso ndinawauza kuti bambo awo ndi abodza, ndipo anandikhulupirira."