Tsiku Limene Ndinakwera Galimoto ya Maliro Ndili Moyo

Amene akuti ndine wabodza anyamule mpando wake akakhale uko, chifukwa pano ndikunena zimene zinandichitikira ine Zulu wa ku Kabwata, ndili ndi suti pathupi, dzuwa likuswa mtengo.

Mwana wanga Misozi amagwira ntchito pa kakampani kena ku Longacres. Iwo anapanga wantchito wa m'kompyuta, uja mumati AI, wokonza maukwati, maliro ndi maphwando. Chinthucho chilibe manja. Chili ndi zida zake, china choitanitsa tenti, china mipando, china galimoto, ndipo chida chilichonse chili ndi mawu ofotokoza ntchito yake. Chimawerenga mawuwo n'kusankha. Mawu akapotoka, nachonso chimapotoka.

Tsono Misozi anandibweretsera laputopu kuti ndiyese mafotokozedwe amenewa, poti akudziwa kuti ine ndi mafunso sindiseka ndi munthu. Ndinkachituma ntchito n'kuona chida chimene chatola, ndinachituma, ndinachitumanso, mpaka laputopu inayamba kutuluka thukuta, malaiti atapita ndinaitikita padazi pangapa n'kuyakanso, ndipo pofika masana inandipempha yokha kuti ipumeko kaye pamthunzi. Mukumva? Zida zonse ndinaziwongola kupatula chimodzi. Mawu ake ankati: galimoto yaitali, yoyera, ya maluwa, yoyenda pang'onopang'ono, yonyamula wolemekezeka wa tsikulo, abale akutsatira pambuyo. Ndinafunsa kuti wolemekezekayo ali bwanji, akupuma kapena ayi?

Misozi anaseka. "Ba Daddy, aliyense aziba kuti ni ya malilo iyo. Musavute."

Aliyense amadziwadi, koma chinthucho si aliyense. Sichinapiteko kumanda a ku Leopards Hill.

Mwezi wotsatira unali ukwati wa Misozi yemweyo, ndipo zokonza zonse anapatsa chinthu chake chija. Mwamuna ndi wa Sabata wa ku Woodlands, choncho ukwati unali Lamlungu. Amake a mwamunayo, amayi Mweemba, sankamufuna mwana wanga chiyambire, ankangodikira kanthu kamodzi koti anene kuti ndi malodza, atenge mwana wawo azipita. Ndinkachita mantha ndi mayi ameneyo, sindibisa.

Abusa ali pakati pa ulaliki, foni yanga inanjenjemera m'thumba. Ndinaiika kukhutu mwakabisira. Anali dalaivala wa galimoto yodzatenga akwati kupita nawo kuphwando ku Kabulonga.

"Shani ba mudala, nili pafupi. Body ili kuti?"

Anzanga, ndinatuluka m'tchalitchimo liwiro loti nsapato zanga zinatsala pabenchi zitaima bwinobwino, mkazi wanga n'kumazinong'oneza kuti zikhale chete, ndinadumpha mpanda wa tchalitchi, ndinadumpha wa aneba pamodzi ndi agalu awo, ndinapitirira minibasi imene kondakitala wake anandifunsa ngati ndili ndi malo ndimukweze, mthunzi wanga unatopa n'kukhala pansi pa jakaranda, ine osaima, mpaka ndinakaigwira galimotoyo pakona yomaliza, ndi dzanja limodzi, matayala ake akuzungulira pamalo amodzi. Mukumva? Ikanangokhota pamenepo, amayi Mweemba akanaiona pazenera.

Ndinamuuza dalaivala kuti abwerere. Anakana. Anati iye watumidwa kudzatenga munthu, ndipo kwawoko galimoto imeneyi sibwerera yopanda kanthu. Ndinayang'ana uku ndi uku, wakufa panalibe. Basi ndinatsegula kumbuyo, ndinasuntha maluwa, ndinagona chagada n'kupinda manja pachifuwa. Mnyamatayo anandiyang'ana, anati bola munthu wapezeka, n'kutembenuza galimoto.

Muli bwino mmenemo, ndikuuzeni. Simugwedezeka ngakhale pamabampu. Apolisi anavula zipewa, azimayi a pamsika anasiya kuitanira tomato, ndipo bambo wina amene timakangana naye ku kwaya anandiona pagalasi, anayamba kuuza anthu kuti ndinali munthu wabwino.

Ndili chigonere ndinatulutsa foni, poti chilolezo choyesera ndinali ndikadali nacho, ndinatsegula mawu a chida chija n'kuwonjezera mizere iwiri: "Wonyamulidwayo akhale womwalira. Ngati akupuma, musaitane galimoto iyi." Ndinachitumanso ntchito yomwe ija ya ukwati kuti ndione. Chinasankha galimoto ya akwati pompo, ya maliboni, ndipo inakafika patchalitchi abusa asananene ameni. Kenako chinatumiza uthenga kwa dalaivala wanga kuti amene wanyamulayo sakugwirizana ndi mafotokozedwe. Anaimika pa City Market n'kunditsitsa. Anthu anathawa kusiya salaula, zovala zakale zogulitsa zija, ali mbwee.

Kuphwando ndinafika wapansi, maluwa ali m'kolala. Amayi Mweemba ankavina ndi mwana wanga, akumutchula kuti mpongozi, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Ukwatiwo ulipo mpaka lero, mdzukulu wanga wayamba kale kuyenda.

Mukuseka? Sekani. Galimoto imeneyo nonsenu mudzaikwera, mmodzimmodzi, mudzaona nokha kuti sindinaname za mabampu. Koma wotsika pa City Market n'kukadya keke ndine ndekha.