Sabata Imene Mawu Anandithera pa Filimu ya a Pulofesa

Lolemba, 10 Malichi

Esinati, mwana wanga, walawirira kuntchito kwake kosamalira okalamba. Wandisiyira mapiritsi a BP pambale ndi lamulo loti ndisatsegule zenera. Ndatsegula.

Nkhani yalero ndi ya a Pulofesa, aneba athu a khoma limodzi muno mu Bolton. Dzina lawo ndi a Arnold, koma munthu wamkulu chonchija sindingamutchule dzina ngati tinavinidwa limodzi. Lamlungu likudzali mwana wawo Martin akubwera kudzawatenga, akawasiye kunyumba ya okalamba kufupi ndi kwawo, kummwera, ulendo wa tsiku lonse. Maso awo anatha. Amangoona kuwala, ndi chithunzithunzi cha munthu akaima pazenera. Ine ndege yanga yobwerera kumudzi ndi ya mwezi wamawa. Tikasiyana Lamlungu, tasiyana basi.

Tikumwa tiyi, akundiuza za filimu ina yakale ya kuno, ya zithunzi zakuda ndi zoyera, imene ankaonera ndi malemu akazi awo, mayi Jean, chaka chilichonse pa tsiku la ukwati wawo. Chimwalirireni mayiwo sanaiyatsenso. "Panopa ndi phokoso chabe," akutero.

Sakudziwa kuti akuuza mwini ntchito. Ine zaka makumi atatu ndinali pakamwa pa filimu, kuyambira pa galimoto ya kanema imene inkayenda m'midzi mpaka m'mavidiyo sho a ku Ndirande. Chizungu changa ndi cha m'makutu, kalasi sindinaiponde, kulemba kumene ndinaphunzira kusukulu ya kwacha imvi zitayamba kale. Koma palibe filimu inandikanika kufotokozera anthu, ngakhale za karate zija.

Pulani: Loweruka 2 koloko masana, pabalaza pawo. Iwo akhale pampando, ine ndiime pambali pa TV, ndikhale maso awo.

Zofunika:
1. Filimuyo. Ili pa kaseti, makina ake alipo.
2. Anthu oseka ndi odandaula, osachepera sikisi. Filimu siyifotokozedwa kwa mipando.
3. Chipewa changa, chotchingira TV anthu akayamba kupsopsonana.
4. Chizungu chowonjezera.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndabwereka kaseti ndi makina ake. Ndaonera theka lokha. Mathero sindiwaoneratu, ndi lamulo langa lakalekale: wofotokoza akadabwa moona, gulu limadabwa naye.

Zimene zachitika m'theka limeneli:
Mwamuna wokonza mawotchi, wachipewa, akukwera njinga.
Mayi wa pa positi ofesi akuyang'ana pazenera.
Mvula.
Tiyi.
Mwamuna wabwera kudzagula sitampa imodzi. Mawa lake sitampa ina. Kalata yoti atumize alibe.
Tiyi wina.

Palibe womenya mnzake, palibe wothamangitsidwa, ngakhale mfiti. Chipewa changa chikhala pamutu. Amene akudziwa ntchito m'filimu monsemu ndi galu wa mayiyo.

Anthuwa akukondana mpaka kuwonda, koma pakamwa pawo pakungotuluka za nyengo. Ku Ndirande filimu yotere tinkaithandiza. Ndawapatsa mayina, Jailosi ndi Nasibeko, ndipo Jailosi ndamuikira mawu oti azinena mumtima. A Pulofesa akuti anthuwa ali kale ndi mayina. Ndawauza kuti amenewo ndi a m'chiphaso, awa ndi apakhomo. Aseka mpaka kutsokomola.

Masana ndikuyeserera kuseri, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Mawu ayenera kufika kumpanda, monga kale pamene ndinalibe maikolofoni. Chizungu chikathera panjira ndikulumikiza ndi Chichewa. Kamvula kakuwaza. Sindikusiya, Jailosi ali pakati pofunsira.

Lachitatu, 12 Malichi

Mawu asasa. Pakhosi ngati ndameza chitsononkho.

Esinati akuti, "Ababa, kukuwa pamvula maola awiri, jekete ili pampando. Ndikusamala okalamba kuntchito, ndisamalenso wina wosamva kunyumba?"

Ndamuuza kuti ndi kachimfine. Kwathu ndikanathyola masamba a bulugamu, kuwiritsa, kufunda bulangete pamwamba pa poto, mawa nkudzuka ndikuimba. Kuno mitengo ilibe ndi masamba omwe.

Nkhani ya gulu. Ndaimbira anthu a kutchalitchi mmodzimmodzi.
Wina ali pa shifiti.
Wina wangochoka pa shifiti, akhala akugona.
Wina akudikira kuti mwina amuitana pa shifiti.
Amayi Zulu a ku Zambia, ogwira ntchito limodzi ndi Esinati: "Atate, nizayesa, koma nizakhala cabe pang'ono."

Esinati nayenso akugwira. Akuti kuno Loweruka ndi dzina chabe.

Ndapita kwa a Pulofesa kukawauza kuti zonse zili m'malo mwake. Ndangoti moni, iwo nkupendeketsa mutu. "Mawu anu mwawasiya kuti?" Munthu wosaona sungamunamize ndi nkhope. Akuti ndibwere mawa m'mawa, ali ndi buku.

Lachinayi, 13 Malichi

Chipinda chawo chapamwamba ndalowamo lero koyamba. Mabuku mpaka kudenga, fungo ngati la m'nkhokwe. Moyo wawo wonse akhala akuwerenga mabuku akale a ku Tchaina ndi ku Japani, a ndakatulo ndi a mankhwala azitsamba, nkumawatembenuza m'Chizungu, nkumaphunzitsa ku yunivesite. Akuti asing'anga akumeneko ambiri analinso alakatuli. Ndati kwathunso sing'anga wosadziwa kuimba sitimukhulupirira.

Buku alipeza ndi zala, shelefu yachitatu, la mapepala opyapyala ngati khoko la anyezi, losokedwa ndi ulusi. Vuto ndi ili: iwo amadziwa kuwerenga koma saona, ine ndimaona koma zilembo zake si zilembo, ndi tizithunzi totsika chotsika ngati mizere ya chimanga.

Ndiye tagawana ntchito. Ine ndikufotokoza zimene ndikuona.

Kamtengo, pambali pake kanyumba kazenera limodzi.
Kamunthu kagwada, kasenza denga.
Madontho atatu, ngati nkhuku yaponda pamatope.

Iwo maso ali chitsekere, chala chikujambula pabondo. Zilembo zina akulakwitsa, kapena ndine ndikulakwitsa, nkundibweza. Zina akuzizindikira msanga, nkuzitchula mokweza ngati aona mnzawo wakale pamsika. Nkhope yawo ya lero sindinaionepo. Tapeza mankhwala a pakhosi tsamba lachiwiri lomwe, koma iwo akuti tipitirire pang'ono. Tapitirira mpaka m'buku lina, la ndakatulo za munthu wotsanzikana ndi mnzake paulalo. Ndikanakana bwanji? Zaka zinayi asanawerenge.

Maola atatu ndikulankhula. Potsika masitepe mawu atsala a mwanapiye.

Mankhwalawo: makoko a nachesi ouma, jinja, uchi, ndi muzu wina wotsekemera. Ndafunsa kuti makokowo aume masiku angati. Akuti zaka zitatu, abwino kwambiri khumi. Tili ndi masiku awiri. Ndasenda manachesi anayi, makoko ndayanika pa hita.

Lachisanu, 14 Malichi

Makoko a pa hita apiringizika, akununkha ngati nsapato. A Pulofesa akuti ku Manchester kuli masitolo a anthu a ku Tchaina, kumeneko makoko akale amapezeka.

Ndakopera tizithunzi tija papepala, kamodzikamodzi, lilime lili panja. Basi, kenako sitima, ndekha. Mphepo ya pasiteshoni yolowa mpaka m'mafupa.

Mayi wa m'sitolo watembenuza pepala langa kawiri, waitana mnzake, aseka, kenako wandifunsa amene walemba. Ndadziloza pachifuwa. Wandipatsa zonse, osalakwitsa ngakhale chimodzi. Ndiye kuti ndalemba Chitchaina chomveka. Aphunzitsi anga a sukulu ya kwacha akanakhala moyo!

Kunyumba Esinati wanunkhiza phukusi, wajambula muzu wotsekemera pafoni, wawerenga, wauika m'chikwama chake cha kuntchito. "Uwu umakweza BP, Ababa. Mukufuna filimu yanu ithere kuchipatala?" Ndayesa kutsutsa, pakamwa pangotuluka mpweya. Mlandu wopanda mawu ndaluza.

Zotsalazo taphika kukhitchini kwa a Pulofesa. Ndafunsa monong'ona kuti mlingo wake iwo amathira bwanji. Akanda kumutu. Kenako akuti, "Sindinaphikepo. Ine ndimamasulira basi." Zaka zonsezi akatsokomola amagula botolo la ku famase! Mayi anga sankadziwa ndi chilembo chimodzi chomwe, koma muzu uliwonse wa kuphiri kwathu anaulawa ndi lilime lawo.

Tamwa tonse awiri, kapu kapu, poti akuti nawonso alaweko asanasamuke. Kuwawa kwake ngati ndulu yothira shuga. Iwo akwinya nkhope, akuti bukulo silinanene zimenezi.

Loweruka, 15 Malichi

Mawu palibe. Ngakhale kunong'ona.

Ndavalabe jekete ndi tayi. Ndamwa makapu ena awiri. Ndayesa "a", ndayesa "e". Esinati, akuvala nsapato pakhomo, wandiyang'ana nthawi yaitali, sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Martin wafika lero m'malo mwa mawa, ndi makatoni. Munthu wabwino, wotopa, wa maso ofiira. TV wazula kale, yagona chafufumimba pakhonde. Mabuku akupita ku yunivesite, kunyumba ya okalamba kuli shelefu imodzi yokha. Kaseti ndi makina ndabweza ndi manja awiri, osatha ndi kupepesa komwe.

Gulu: Amayi Zulu, m'yunifolomu, ndi vitumbuwa m'pepala. Akhala mphindi khumi, atipempherera, athamangira basi.

Ndinaganiza zolemba papepala kuti ndiwafotokozere a Pulofesa. Ndalemba mizere itatu ndisanakumbuke kuti saona. Ndiye takhala pakati pa makatoni, wina wosaona, wina wosalankhula, tikudya vitumbuwa. Akafunsa funso ndikugogoda patebulo, kamodzi eya, kawiri ayi. Afunsa ngati pakhosi pakupweteka. Ndagogoda kawiri. Afunsa ngati ndikunama. Kamodzi.

Zaka makumi atatu ndinafotokozera oledzera ndi ana othawa sukulu, mawu osandithera ndi tsiku limodzi. Lero andithera pa munthu mmodzi yekha.

Lamlungu, 16 Malichi

Kutchalitchi sindinapite. Woimba wopanda mawu akakhale pati.

M'mawa Martin wagogoda. Akuti abambo ake akana kukwera galimoto. Ndapeza TV yaikidwa pamwamba pa katoni, kaseti ili kale m'makina, mipando iwiri yokha yatsala m'nyumba. A Pulofesa, atavala kale chikhoti chapaulendo, akuti, "Khalani. Lero ndifotokoza ine."

Ndinene zoona, ntchito imeneyi sakuidziwa.
Amanena chinthu chisanachitike.
Mawu otsika, osafika ndi pakhomo pomwe.
Galu sanamutchule ndi kamodzi komwe.
Amalira malo olira asanafike.

Ku Ndirande akanawaponyera zitsononkho.

Koma akumva phazi pa TV, nkudziwa kuti ndi la ndani ndipo likulowera kuti. Ndipo zimene akufotokoza si za pa TV zokha. "Apa Jean amati chipewa chimenecho nchonyansa." "Apa amadzuka kukateleka ketulo, sakonda kuona mayiyu akunamizidwa." "Apa wabwerako, akufunsa kuti chachitika nchiyani, ngati sakudziwa." Chizungu chawo ndikutola theka, koma mayi Jean ndawaona bwinobwino, ndi pamene ankakhala, kumanzere, mapazi atapinda pampando. Martin, amene amayang'ana wotchi pakhomo, wakhala pansi pakatoni. Akuti zimenezi sanazimvepo.

Jailosi mpaka pomaliza sananene kanthu. Wangovula chipewa pageti, Nasibeko nkutsegula. Ndikanafotokoza ine ndikanathirapo ukwati, mbuzi ziwiri ndi nthungululu. Mwina zachita bwino kuti ndinali chete.

Kwathu mlendo timamuperekeza mpaka kutsidya kwa mtsinje, nkhani zili pakamwa. Kuno ndi masitepe anayi kuchoka pakhomo kufika pagalimoto. Ndinakonza mawu otsanzikana usiku wa Lolemba, abwino, a Chizungu chenicheni. Ndangowagwira dzanja ndi manja anga awiri. Iwo apapasa nkhope yanga, mphumi, masaya, ndevu, akuti, "Ndinkaganiza kuti ndinu wamtali." Martin watseka chitseko.

Cha m'ma 4 koloko Esinati wandifunsa ngati ndimwa tiyi. Ndayankha kuti eya, ndipo zamveka. Kamawu kokanda ngati chitseko chadzimbiri, koma kabwera. Tayang'anana, iye nkupita kukhitchini msanga.

Kuseri kwa khoma kuli zii. Mawa ndi tsiku lotenga zinyalala, ndipo bini lawo aliiwala kuseri. Ndivale jekete ndikalitulutse.