Wakuba amene ankadikira ndikhale pansi

Nkhani yonseyi inayamba tsiku limene nkhuku ya akazi anga inameza batani la rimoti ya galimoto yanga, ine ndikuonerera, mpeni uli m'manja.

Ndiyambe ndanena kuti sukulu ndinalekezera sitandade 8, koma kuwerenga sindinaleke. Ndimawerenga chilichonse, ngakhale nyuzi yokulungira usipa. Vuto la munthu wotere ndi loti akawerenga masamba awiri amadziona ngati injiniya. Ndiye rimoti ya galimoto yanga (yakalekale, ndinagula kwa namwino wina amene ankasamutsidwa pa Boma pano) itayamba kuvuta, yofuna kudina mpaka chala kuwawa, ndinatenga kabuku kake, mpeni wosendera mbatata, n'kukhala pakhonde. Nditangokanula, timabatani tinadumphira pansi. Nkhuku inafika msanga kuposa ine.

"Mwaikonza?" anafunsa akazi angawo, amake Chisomo, ali m'khitchini.

"Yatsala pang'ono," ndinatero, ndikuyang'ana nkhuku ikutambasula khosi.

M'mawa mwake ndinapita kuboda, kwa bambo wina amene amakonza mafoni ndi mawotchi pansi pa ambulera, pafupi ndi osintha ndalama. Anaitembenuza rimoti ija, n'kundiyang'ana.

"Mudala, munaitsegula ndi nkhwangwa?"

Anati mabatani oterowo alibe, koma adula a rimoti ya TV n'kuwaika. Kenaka anadzuka n'kuzimiririka nayo kuseri kwa kontena, kunena kuti guluu ali kumeneko. Apa m'pamene mtima unayamba kundiuza zinthu. Ndinali nditawerengapo za akuba amene amakopera rimoti ya munthu, n'kumutsatira mpaka kunyumba. Ndipo kuno kwathu galimoto ikasowa m'mawa, pofika masana imakhala ikudya fumbi la ku Chipata, nambala ili ina. Munthuyo anachedwa. Atabwera anali kumwetulira, ndipo kumwetulirako sindinakukonde. Mabatani atsopano anali otukuka ngati mimba za nkhupakupa, koma ofewa, ongoti khwa, galimoto n'kuyankha.

Pobwerera ndinapangana ndi mtima wanga kuti kiyi ameneyu sadzagonanso pamsomali. Ndinamuika m'thumba lakumbuyo la buluku, lija lili ndi batani, kumene dzanja la munthu silingafike ine osamva.

Nditafika kunyumba ndinakhoma galimoto, ndinakoka chitseko chilichonse, n'kukakhala pampando wanga wapakhonde ndi buku. Ndisanatsegule n'komwe tsamba, ndinangomva kwi-kwi! Magetsi a m'mbali kuphethira. Galimoto yatseguka.

Ndinathamangira kugeti. Mumsewu munali mayi wosenza chinangwa ndi mbuzi ziwiri. Ndinakhomanso, ndinazungulira mpanda, ndinaimirira pakona kwa nthawi ndithu. Zii. Nditabwerera pampando, kwi-kwi!

Pamenepo ndinadziwa kuti sindikulimbana ndi wakuba wamba. Ameneyu ankandiona. Ndikaimirira ankaopa, ndikakhala pansi n'kutaya mtima, ndiye ankayesa kiyi wake. (Nzeru zimenezi ndinazipeza ndekha, ndipo ndinadzitama nazo.)

Ndinagula unyolo wa ngolo n'kumanga chiwongolero. Ndinabwerera kuboda kukamufunsa mkulu wa ambulera uja kuti anapanga makiyi angati kuseri kwa kontena. Anaseka mpaka kutsokomola, anaitana anzake osintha ndalama kuti adzamve, n'kudina rimoti ine ndili chiimire pamenepo. Inagwira bwinobwino.

"Mudala, ngati galimoto ili ndi mizimu, pitani nayo kutchalitchi. Ine ndimakonza mabatani."

Ndinachoka ndikumukayikirabe, koma m'njira ndinaganiza: iyeyu ali kuboda, angandione bwanji ndikukhala pakhonde panga? Payenera kukhala mnzake wapafupi. Ndipo nyumba yokhayo imene munthu angaone khonde langa ndi ya a Nyirenda.

A Nyirenda ndi aphunzitsi a kusekondale, kwawo ndi ku Rumphi, ndipo takhala moyandikana zaka zambiri. Ana athu amadyera m'mbale imodzi. Amake Chisomo atadwala, amene anawaperekeza kuchipatala ndi akazi a aphunzitsiwo. Koma munthu ukayamba kukayikira, chilichonse chimasanduka umboni. Madzulo alionse, nthawi yeniyeni imene ine ndimakhala pakhonde, iwo amakhala akuthirira mpiru pafupi ndi mpanda, dzanja lina m'thumba. M'thumba! Ndinakumbukiranso kuti mlamu wawo amayendetsa thiraki yodutsa pa boda. Ndinakumbukira kuti tsiku lina anandifunsa ngati galimoto yanga imamwa mafuta ambiri. Angafunsirenji ngati alibe nayo cholinga?

Ndinayamba kuwayankha moni ndi mphuno. Atatumiza mpiru, ndinati tili nawo wambiri.

"Wambiri uli kuti?" anafunsa amake Chisomo. "Inu, mabuku akupengetsani. A Nyirenda angabe chiphapha chimenechi?"

"Akuba enieni saoneka ngati akuba," ndinawauza. (Izinso ndinawerenga penapake.)

Kulondera kunandiondetsa. Kushopu kwanga, kumene ndimagulitsa mbewu ndi mankhwala a tizilombo, ndinkatseka msanga kuti ndikakhale pakhonde, maso pampanda. Ndikangokhala, kwi-kwi. Ndikayang'ana, a Nyirenda ali ndi kheni, akundikwezera dzanja. Chipongwe chake!

Loweruka lina ndinatopa nazo. Ndinaganiza zopita kupolisi, koma amake Chisomo anaima pakhomo n'kunena kuti ndikakatchula dzina la a Nyirenda kumeneko ndisanalankhule nawo, iwo apita kwawo ku Chiosya ndi nkhuku zawo zomwe. Ndiye ndinapita pampanda.

"Aphunzitsi, tabwerani kuno, ndili ndi mawu."

Anabwera manja ali matope, atanyamula kheni ndi dzanja limodzi, mpiru ndi linalo. Ine mawu anali atafika kale pakhosi, koma kwathu kuno munthu wamkulu sumuimba mlandu chiimire ngati mwakumana pamsika. Ndinawatulutsira mpando, anakhala. Tinapatsana moni, ndinafunsa za kunyumba, ngakhale kunyumbako ndinkakuona ndi maso. Kenaka nanenso ndinakhala.

Kwi-kwi!

Ndinadzambatuka. "Mwamva! Pamaso panga penipeni! Tulutsani, aphunzitsi!"

"Nditulutse chiyani, achimwene?"

"Rimoti! Imene anakupatsani mnzanu wakuboda uja!"

Anayang'ana manja awo. Lina linali ndi mpiru, lina linali likadagwira kheni. Anandiyang'ana ine, kenaka galimoto. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo kwa kanthawi ndinkaganiza kuti adzuka n'kumapita osadzapondanso pakhomo panga. Koma anangoika kheni pansi pang'onopang'ono.

"Yanuyo ili kuti?"

Ndinamenya thumba lakumbuyo monyadira. "Ili pano. Sichoka."

"Taikhomani galimotoyo, mubwezere momwemo."

Ndinatero.

"Takhalani pansi."

Kwi-kwi!

"Tadzukani. Khomaninso. Takhalani."

Kwi-kwi!

Anandilamula ngati mwana wa fomu 1, ndipo ine ndinkangomvera, kudzuka ndi kukhala, galimoto ikuvomera ngati kwaya. Amake Chisomo anali atatsamira chitseko, chitenje kukamwa, mapewa akugwedezeka. Wakuba amene ndinamugulira unyolo, amene ndinamutsekera shopu, amene ndinatsala pang'ono kumutengera kupolisi, ndinkamuveka buluku m'mawa uliwonse: thako langa lomwe ndilo linkadina batani.

Ndinapepesa. Ndinapepesa m'Chichewa, ndinayesanso m'Chitumbuka changa chothyokathyoka. A Nyirenda sanaseke. Anasiya mpiru uja pampando n'kumapita. Masiku otsatira madzulo ankathirira mbali ina ya dimba, msana kuno. Kiyi anabwerera pamsomali, galimoto inakhala chete, koma pakhonde sipankakomanso. Buku ndinkalitsegula n'kumangoyang'ana mpanda.

Kenaka m'mawa wina, ndikulimbana ndi galimoto kuti ilire, ikungoti tche-tche-tche osagwira, ndinaona mutu wawo pamwamba pa mpanda. Anaonerera kwa kanthawi, mswachi uli kukamwa. Analavula, n'kunena kuti:

"Achimwene, zoti munandiyesa wakuba ndakhululuka. Chimene chikundiwawabe n'choti munandiyesa wakuba wopanda nzeru. Ndikanafuna kukuberani ndikanatenga njinga ya amake Chisomo, ija imanyamuka tsiku lomwelo. Tsegulani geti tikankhe."