A Mphindi ndi Chipata cha Paki

A Mphindi, mlonda wa paki ya m'dera lathu, sankamva mawu akuti "chakumadzulo". Ukati tionana madzulo, ankafunsa kuti madzulo ake ati, mphindi zingati. Dzinalo linachokera pamenepo.

Chikwangwani cha pachipata chinkati paki izitsegulidwa dzuwa likatuluka, izitsekedwa likalowa. Alonda ena ankangoti sikisi ndi sikisi, koma iwo ayi. M'thumba la jekete munkakhala kapepala kothaitha ka nthawi yotuluka ndi yolowa dzuwa tsiku lililonse la chaka.

Tsiku lina wapolisi anagwira telala wathu pachipatapo, ati akupalasa njinga yopanda nyali dzuwa litalowa. A Mphindi anapita kukhoti osaitanidwa. Anauza woweruza kuti kunali mitambo chabe, dzuwa linali litatsala ndi mphindi zitatu, umboni wake iwo anali asanatseke. Telala anamasulidwa, ndipo wapolisiyo anasintha njira chaka chonse.

Ngakhale akazi awo anaimikidwapo kunja, atalawirira kudzawapatsa tiyi.

"Bambo, tsegulani, ndine mkazi wanu."

"Ndakuonani, mayi. Pakatha mphindi ziwiri mukhalabe mkazi wanga."

Mayiwo atamwalira, maso a a Mphindi anayamba kuchita ng'ala. Sanauze munthu. Kapepala anali atakaloweza pamtima, koma wotchi sankaionanso, ndiye ankafunsa nthawi kwa odutsa ngati akuwayesa mayeso. Ife tinkangoseka. Tsiku lina anafunsa ine, ndikuthamangira basi, ndipo ndinayankha mongoyerekeza. Anatseka mochedwa ndi mphindi zisanu ndi ziwiri.

Palibe anadandaula, koma a Mphindi atazindikira, anakapereka okha makiyi kuofesi. Abwana anawanyengerera, nane ndinapita kukapepesa kuti wolakwa ndine. A Mphindi anandigwira dzanja.

"Iwe mwanawe sunalakwe. Mlonda ndinali ine."

Anakakhala kwa mwana wawo wamkazi, m'chipinda chimene windo lake linayang'anizana ndi khoma. Mwanayo akuti bambo ake ankavala jekete m'mawa uliwonse n'kukhala pabedi, nsapato zili kuphazi. Sanathe miyezi isanu, anamwalira.

Paki ikadalipo. Mlonda watsopano ndi munthu waulemu, sakangana ndi aliyense. Timalowa, timakhala pabenchi, timatuluka. Sabata yatha ndinafika kunyumba n'kuzindikira kuti pachipata paja ndadutsa kawiri osalankhula ndi munthu, ngakhale moni.